Giyaboksi ya otomatiki ikayamba kugogoda, yambani mwaona oyilo

Galimoto zambiri zimene zimayenda pa msewu wa M1 kuno ku Kasungu zinachokera ku Japan zitagwira kale ntchito, ndipo eni ake amakumbukira kusintha oyilo wa injini, koma wa m'giyaboksi samukhudza mpaka tsiku limene galimoto yayamba kudzidzimuka polowa giya. Oyilo ameneyu, wotchedwa ATF, ndiye amene amakankha magiya kuti alowe, amafewetsa zitsulo, ndiponso amachotsa kutentha. Akachepa kapena akapsa, giya imachedwa kulowa, injini n'kumangolira galimoto osathamanga, kenako giya ija imalowa ndi phokoso ngati wina wakugundani kumbuyo.

Pa Toyota zakale, oyiloyu amayezedwa galimoto itayenda mpaka kutentha. Imani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ndipo mutaponda buleki pititsani ndodo ya giya pa R, N ndi D, kenako muibwezere pa P injini ikulirabe. Solorani dipisitiki ya giyaboksi, ipukuteni ndi nsalu yosasiya ulusi, ibwezereni, ndipo mukaisololanso oyilo afike pa mizere yolembedwa HOT. Donthezani pang'ono papepala loyera. Wabwino amakhala wofiira, woderapo wakalamba, wakuda, wonunkha ngati ndiwo zopserera, akusonyeza kuti mkatimo mwayamba kudyeka. Akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, madzi a m'radiyeta alowa, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka itakonzedwa.

Mtundu wa oyilo ndi pamene anthu ambiri amaonongera. Toyota ina imafuna Type T-IV, ina WS, zakale kwambiri Dexron, ndipo nthawi zambiri dzinalo limalembedwa pa dipisitiki pomwepo. Galimoto za CVT (giyaboksi ya otomatiki yoyendera lamba m'malo mwa magiya wamba), monga Honda Fit, zili ndi oyilo wakewake, ndipo kuthiramo ATF wamba n'kuipha giyaboksi. Wogulitsa akakuuzani kuti wofiira aliyense ndi chimodzimodzi, siyani botololo pakauntala.

Posintha, dziwani kuti mukamasula bawuti ya pansi pamatuluka malita atatu kapena anayi okha, wotsalayo amakhalira mkati. Yezani amene watuluka, mubwezeremo wochuluka chimodzimodzi, chifukwa wopitirira muyezo amachita thovu. Ngati giyaboksi sinasamalidwe kwa zaka zambiri, ine ndimaona kuti n'kwanzeru kukhetsa ndi kuthira kawiri kapena katatu, mukuyendako pakati, kusiyana ndi kutsuka ndi makina, chifukwa litsiro lotakasika lingatseke tinjira ta oyilo. Makaniko atsegulenso sampu (chiwaya cha pansi pa giyaboksi chosungira oyilo), asinthe sefa ndi gasiketi, ndipo akuonetseni maginito a mmenemo: phala lotuwa ndi lachizolowezi, koma tizidutswa tachitsulo tolasa chala ndi nkhani ina. Kwa galimoto yoyenda m'fumbi, yonyamula katundu pa dzuwa la Okutobala, makilomita 40,000 ndi okwanira kusinthanso.

Oyilo akakhala bwino koma kugogoda osatha, musafulumire kuvomera kuti giyaboksi itsitsidwe. Galimoto yanga inkagunda ndikaika pa R, ndipo makaniko wina anali atanditchulira kale mtengo wa giyaboksi ina, koma mnzake atasuzumira ndi tochi anapeza kuti mphira yogwira injini yang'ambika. Batire yofooka, ma solenoid (timavavu tamagetsi totsegula ndi kutseka tinjira ta oyilo) olowa litsiro, kapena chingwe cha throttle (chochokera ku injini kupita ku giyaboksi) chimene chasuntha zimabweretsanso vuto lomwelo. Nyale ya pa dashibodi yolembedwa O/D OFF ikamaphethira yokha, pitani kumene ali ndi kompyuta yoyezera.

Zina zimadalira dalaivala. Imani kaye ndithu musanachoke pa D kupita pa R, ndipo pamalo otsetsereka kokani handibuleki musanaike pa P. Galimoto ya otomatiki siilira poikankha, komanso kuikoka ndi chingwe mtunda wautali injini itazima kumaotcha mkati, popeza pampu ya oyilo imazungulira ndi injini. Mukatitimira m'matope a Januwale kunjira za kuminda ya fodya, musalimbane ndi giya mpaka fungo lituluke. Tsikani, mukumbe, muyale nthambi, ndipo muitane anthu akukankheni.