Mmene mungapangire ma taco a soya pieces pakhomo

Soya pieces ambirife timamukumbuka mwezi ukatalika, ndalama zatha, basi tomato mmodzi, madzi ambirimbiri, nsima ilowe. Ndipo vuto lake ndi madzi omwewo. Soya akasambira mu supu amakhala ngati siponji, koma mukamufinya n'kumukazinga mouma amasintha kwambiri moti amakwanira bwinobwino mu taco m'malo mwa nyama.

Kwa amene simunaionepo, taco ndi chakudya cha ku Mexico: kachapati kakang'ono kotchedwa tortilla, mumaikapo ndiwo pakati n'kupinda, kudya ndi manja, mafoloko ayi. Zambiri zofunika muzipeza pa msika wapafupi, paja chimanga ndi mapeyala kwawo kwenikweni ndi ku Mexico komweko.

Yambani ndi tortilla chifukwa ndi amene amachedwetsa. Apa ndikuchenjezeni msanga, osayesa ndi ufa woyera kapena mgaiwa wokhawokha, ine ndinayesa ndipo zinangophwasuka m'chiwaya ngati zigumu zolephera. Anzathuwo chimanga chawo amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu (njereza, osati ndimu), kuchisiya chigone, kuchitsuka kenako kuchipera chikadali chonyowa, nchifukwa chake chimamata chokha. Ufa wathu wa kuchigayo sudutsa njira imeneyo. Ndiye ife titengera a kumpoto kwa Mexico, mbali za ku Sonora, amene amapanga tortilla wa tirigu. Sakanizani makapu 2 a fulawa, theka la kapu ya mgaiwa kuti kafungo ka chimanga kamveke, kamchere ndi masupuni 3 a mafuta ophikira, kenako muzithira madzi ofunda pang'onopang'ono uku mukukanda mpaka zisiye kumata m'manja. Vundikirani mphindi 20. Dulani timibulu 12, tambasulani kalikonse ndi botolo kapyapyale kukula ngati sosala, ndiye muwambe pa chiwaya chotentha chopanda mafuta, mbali iliyonse osafika mphindi imodzi, mukaona timadontho tofiirira tembenuzani. Mukaphula kutirani m'kansalu koyera kuti asaume, akauma amathyoka popinda.

Tsopano soya uja. Kwa tortilla 12 tengani makapu 2 a wouma, nyikani m'madzi otentha mphindi 10, khetsani madziwo, atazizirako finyani ndi manja mwamphamvu ngati mukufinya zochapa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Soya pieces amapangidwa kuchokera ku ufa wa soya umene anauchotsa kale mafuta, ndiye payekha alibe mafuta komanso kukoma kwake nkochepa, amangomwa chilichonse chomwe mwamupatsa, ndipo ngati wakhuta kale madzi zokometsera zanu zilowera pati? Mukafinya muduleni tizidutswa ting'onoting'ono ngati mince.

Tenthetsani masupuni 4 a mafuta, osaumira, ikani soya yekha kaye ndipo musamavundule pafupipafupi, msiyeni agwire pansi pang'ono mpaka afiire m'mbali. Pa mbaula ya makala oyaka bwino zimatenga mphindi ngati 8. Kenako anyezi mmodzi, adyo wosinja, supuni yaing'ono ya paprika ndi ina ya cumin ngati muli naye. Kapaketi ka supu kamene kamabwera mkati muja mutha kuthirako theka lokha, konse kamachulutsa mchere ndipo kamabweretsa kukoma kwa ndiwo ya nsima komwe tikukuthawa. Malizani ndi tomato mmodzi wogaya, aume ndithu, kenako finyiranimo ndimu mutaphula. Anthu akachuluka onjezerani nyemba zophikaphika zomwe zinatsala dzulo, ku Mexico nyemba ndi tortilla zimayendera limodzi.

Zoika pamwamba sizivuta. Tomato, anyezi ndi kambuzi zodula bwinobwino, mchere ndi ndimu, iwo amati pico de gallo koma ndi kachumbari yemweyu wa pachiwaya cha tchipisi. Peyala lakupsa likanyeni ndi foloko, ndimu ndi mchere, ameneyo ndiye guacamole, shuga ayi chonde ngakhale ndikudziwa ena simudya peyala lopanda shuga. Kabichi wosaphika wodula mopyapyala amathandiza kuti pakhale kokhukhuta mkamwa.

Poika, pakani peyala pa tortilla wofunda, soya masupuni 2 okha, kachumbari ndi kabichi pamwamba, amene amakonda moto adonthezepo Nali. Osadzaza kwambiri chifukwa zonse zithera pa malaya. Ndipo musapindiretu onse n'kuwasiya m'mbale kudikira alendo, madzi a tomato amanyowetsa tortilla n'kung'ambika, ikani chilichonse m'mbale yake patebulo aliyense azidzipindira yekha akamadya.