Kukonzekera ukwati wa kumudzi

Musananyamuke mukhale ndi ndalama zosintha, chitenje, nsapato zafulati ndi foni yotchaja bwino, poti magetsi mwina kulibe.

1. Funsani a komiti dzina la mudzi, tchalitchi ndi potsikira. Mapu a pafoni sadziwa tinjira ta kumudzi.
2. Sinthiranitu ndalama kutauni, za K200 ndi K500. Ambiri amalakwitsa apa: amadalira Airtel Money kapena Mpamba, koma ejenti wa kumudzi ndalama zimamuthera msanga, perekaniperekani n'kukudutsani muli manja lende.
3. Lawirirani m'mamawa. M'dzinja onjezani ola limodzi chifukwa cha matope.
4. Mukafika, yambani mwalonjera akuluakulu, amayi mutamanga chitenje.
5. Panganani ndi wakabaza nthawi yobwerera, mutenge nambala yake. Dzuwa likangolowa, minibasi zimasowa.