Chinyezi m'munsi mwa makoma a nyumba yatsopano ya mashopu

Titangomaliza kumanga nyumba ya mashopu anayi, mvula yoyamba inatiyalutsa. M'munsi mwa khoma lakumbuyo munada ndi chinyezi mpaka m'mawondo, penti ikufufuma, kenako panatuluka zoyera ngati mchere.

Ndinapala n'kupakanso penti. Inasendekanso. Ndinagumula pulasitala n'kuika wina wosakaniza mankhwala oletsa madzi, koma chinyezi chinangokwera pamwamba pake. Simenti inangopita pachabe.

Chinandithandiza n'kukumba pang'ono kunja kwa khomalo kuti ndione DPC, pulasitiki yakuda ija imene amayala pakati pa maziko ndi njerwa kuti chinyezi cha pansi chisakwere m'khoma. Inalipo, yosang'ambika. Koma omwe anathira konkire yozungulira nyumba anaikweza kupitirira DPC, ndipo pulasitala wakunja anatsika mpaka pansi osadukiza. Ndiye madzi ankangoilambalala, n'kukwera kudzera m'pulasitala. DPC imayenera kukhala mamilimita osachepera 150 pamwamba pa nthaka, ndipo zinalembedwa bwinobwino papulani, kungoti sindinayeze ndekha.

Tinaphwanya konkireyo, tinachotsa dothi mpaka mulingo unakwana, tinathira ina yopendekera kunja, tikuyeza ndi levulo. Kenako ndi grinder tinadula mzere m'pulasitala, ndendende pamene padutsa DPC. Apa musathamange, mungadule pulasitikiyo. Tinatalikitsanso mapaipi otsitsa madzi a padenga kuti azikataya kutali.

Mkati tinasiya khoma liume milungu ingapo. Zoyera zija tinazichotsa ndi bulashi youma, chifukwa mukatsuka ndi madzi zimalowanso m'khoma. Penti tinapaka pomaliza, ndipo dzinja lotsatira khoma linakhala louma.