Mmene Mungasamalire Milomo Yong'ambika pa Nthawi ya Mliri wa Fuluwenza

Munthu akagwidwa ndi fuluwenza, mphuno zimatseka ndipo amagona usiku wonse akupumira m'kamwa, moti pofika m'mawa milomo imakhala itauma gwaa, ndipo akangoyasamula, mlomo wam'munsi umang'ambika pakati n'kutuluka kadontho ka magazi. Khungu la pamilomo ndi lopyapyala kwambiri, komanso silitulutsa mafuta kapena thukuta ngati la pankhope, choncho limafulumira kuuma madzi akayamba kuchepa m'thupi chifukwa cha kutentha thupi.

Choyamba, lekani kunyambita milomo. Malovu amanyowetsa kwa kanthawi kochepa, koma akauma amasiya milomo ili youma kuposa poyamba. Tizikopa tomwe tatukuka musatisende ndi mano kapena ndi zikhadabo, chifukwa timang'ambika pamodzi ndi khungu lamoyo n'kusiya bala. M'malo mwake, viikani kansalu koyera m'madzi ofunda, kafinyeni, ndipo mukakhazike pamilomo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mukachotsa kansaluko, pakani mafuta nthawi yomweyo milomo ikadali ndi chinyezi, popeza ntchito ya mafuta ndi kutsekera madzi amene ali kale m'khungu kuti asatuluke.

Mafuta a kokonati, mafuta a shea (ochokera ku njere za mtengo wa shea) ndi phula la njuchi zonse zimagwira bwino ntchito imeneyi, ndipo mungasungunule phula pang'ono n'kulisakaniza ndi mafuta a kokonati kuti mankhwalawo azikhalitsa pamilomo. Vaseline nayenso ndi wabwino chifukwa amatsekera chinyezi bwino kwambiri, makamaka usiku pogona. Uchi umafewetsa khungu ndipo umathandiza kuti tizilonda tipole: upakeni pang'ono, dikirani mphindi ngati 15, kenako pukutani ndi madzi ofunda n'kupaka mafuta. Vuto la uchi ndi kukoma kwake, chifukwa lilime silichedwa kuutsatira, ndipo zikatero mwabwereranso ku kunyambita kuja. Mwana wosakwana chaka chimodzi musamupake uchi ngakhale pang'ono, chifukwa akaumeza ungamuyambitse matenda oopsa otchedwa botulism. Ena amalangiza kukhula milomo ndi shuga, koma ine sindikugwirizana nazo ngati milomoyo yang'ambika kale. Mandimu, sinamoni ndi zopaka zomwe muli menthol kapena camphor (mankhwala a fungo lamphamvu omveka kuzizira pakhungu) nazonso zipeweni, popeza zimanyerenyetsa ndi kuumitsa khungu. Muzimwanso madzi pafupipafupi, ngakhale pakhosi pakupweteka.

Pa nthawi ya mliri pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira, ndicho chala chimene chimapaka mafutawo. Wodwala amamina, n'kupisa chala chomwecho m'kabotolo ka mafuta, kudzipaka pamilomo, kenako n'kugwira chitseko, ndipo madzulo ake mwana wake amatapa m'kabotolo momwemo. Kachilombo ka fuluwenza kamalowera m'mphuno, m'kamwa ndi m'maso, ndipo kangathe kukhala ndi moyo kwa maola 24 kapena kuposerapo pa zinthu zolimba monga chitsulo ndi pulasitiki. Choncho sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20 musanapake ndiponso mukamaliza kupaka, tapani mafuta ndi kasupuni koyera, ndipo wodwalayo mum'patulire akeake, pamodzi ndi kapu ndi kansalu kake.

Njira yaikulu imene matendawa amafalikira ndi timadontho totuluka munthu akamatsokomola, kuyetsemula kapena kulankhula, ndipo timafika kwa ena amene ali pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri. Zizindikiro zimaoneka pakadutsa tsiku limodzi mpaka masiku 4, koma munthu angayambe kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti adwale, n'kupitiriza kwa masiku 5 mpaka 7 atadwala. N'chifukwa chake si nzeru kubwerekana zopaka pamilomo ngakhale ndi munthu wooneka wathanzi. Wodwala azitsokomolera m'katishu kapena m'kati mwa chigongono, mawindo azikhala otsekula, ndipo asapite kuntchito kapena kusukulu mpaka patadutsa maola 24 thupi litasiya kutentha popanda kumwa mankhwala oziziritsa.

Uchi ndi mafuta zimapoletsa milomo basi, sizipha kachilombo, ndipo nawonso mankhwala opha mabakiteriya alibe mphamvu pa fuluwenza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati anthu apakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira chaka chilichonse ndi mavuto a kupuma obwera ndi matendawa, ndipo katemera wa chaka ndi chaka ndiye chitetezo chodalirika. Amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5, okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndi odwala mphumu, shuga kapena mtima azionana ndi dokotala mwamsanga akayamba kudwala, popeza mankhwala olimbana ndi kachilombo ka fuluwenza otchedwa oseltamivir amathandiza kwambiri akayambidwa m'maola 48 oyambirira. Kubanika, kupweteka pachifuwa, ndi milomo yosintha mtundu n'kuoneka yabuluu ndi zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala. Milomo ikapanda kupola pakatha milungu iwiri kapena itatu, kapena m'ngodya za pakamwa mukamang'ambika mobwerezabwereza, kapimitseni, chifukwa gwero lake lingakhale fangasi kapena kuchepa kwa ayironi ndi mavitamini a B m'thupi.