Musanaululire app zakukhosi kwanu, chitani izi

Ma app opereka uphungu kwa ovutika maganizo amafunsa zakuya: mumagona bwanji, mukumwa mankhwala anji, banja likuyenda bwanji. Musanayankhe, dziwani kumene mayankhowo akukathera.

Yambani ndi kufufuza dzina la app pa intaneti musanaiike m'foni. Mu 2023 bungwe la boma la America la FTC linalamula BetterHelp, kampani yopereka uphungu pa intaneti, kulipira madola 7.8 miliyoni, poiimba mlandu wopereka ma email ndi mayankho a zaumoyo a makasitomala kwa Facebook ndi Snapchat kuti zithandize kutsatsa malonda. Chonsecho inali italonjeza kusunga chinsinsi.

Kenako tsegulani privacy policy, pomwe kampani imafotokoza zomwe imachita ndi zinsinsi zanu. Ndi chikalata chotopetsa, mwinanso mwadala, koma simukufunika kuwerenga chonse. Sakani mawu akuti "advertising" ndi "third parties". Akati amagawana zanu ndi otsatsa malonda, isiyeni, ngakhale ikhale yaulere. Makamaka yaulereyo.

Polembetsa, musadine batani lolowera ndi Facebook kapena Google. Tsegulani email ina yopanda dzina lanu. Mukatero pitani ku Settings, Apps, Permissions, mukaletse appyo kuona manambala a anzanu ndi malo amene muli. Mlangizi alibe nazo ntchito zimenezi.

Chachikulu ndi ichi: chilichonse cholembedwa chimasungidwa penapake. Mu 2020 ku Finland kunadziwika kuti wakuba pa intaneti anatenga mafayilo a anthu pafupifupi 33,000 a kampani ya uphungu ya Vastaamo, kuphatikizapo zomwe alangizi ankalemba pokambirana ndi odwala. Kampaniyo itakana kupereka ndalama, odwala eni ake anayamba kulandira mauthenga owaopseza kuti alipire, apo ayi zinsinsi zawo ziikidwa poyera. Ndiye funsani mlangizi wanu mosachita manyazi: zomwe tikukambirana zikusungidwa kuti, akuziona ndani, mpaka liti? Mayina a anthu ndi a kuntchito musawalembe mu chati.

Musaiwale za kunyumba. Foni imabwerekedwa, mwana akufuna gemu, mlamu akuti aimbeko kamodzi, uthenga wa mlangizi n'kutulukira pamwamba pa sikirini. Zimitsani ma notification a appyo ndipo muiikire loko yakeyake.

Mukafuna kusiya, kuchotsa app m'foni sikufufuta zomwe munalemba. Tsekani kaye akaunti, muwalembere kuti afufute zonse, ndipo sungani yankho lawo. Lamulo la Malawi loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 limakupatsani ufulu wopempha zimenezi, ndipo madandaulo amapita ku MACRA. Kungoti kampani ikakhala kunja kwa Malawi, kuitsatira sikophweka.