Ku Likoma awiriwiri popanda ngongole: mmene timakonzera ife

Anthu akamva kuti banja lapita kukapuma ku chilumba amangoganiza za ndege ndi madola. Ku Likoma zimenezo ziliko ndithu. Kabwalo ka ndege kalipo, ndipo kuli malo ogona monga Kaya Mawa komwe usiku umodzi ungandidyere malipiro a miyezi ingapo. Koma mchenga ndi madzi a kumeneko salipiritsa munthu. Ine ndi bambo a kunyumba ndife anthu a malipiro a pamwezi, tili pa lendi ku Area 25, ndipo timafika pa chilumba chomwecho pa sitima, n'kukasamba m'nyanja yomweyo. Chinsinsi chake chagona pa kulola sitima kuti ikusankhireni masiku, ndi kudziwa pamene ndalama iyenera kutuluka mosaumira.

Yambani ndi sitima, tchuthi pambuyo

Musapemphe tchuthi kuntchito musanadziwe za Ilala. Sitimayi yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndipo imazungulira kamodzi pa sabata. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yakuti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika ku Likoma Loweruka, kudutsa pa Chizumulu ndi Nkhata Bay mpaka kukatembenukira pa doko la Chilumba ku Karonga. Pobwerera imachoka pa Nkhata Bay Lolemba madzulo n'kukafika ku Likoma Lachiwiri. Ndiye kwa banja logwira ntchito ulendo umadzikonza wokha: mukwera Lolemba pa Nkhata Bay, mugona pa chilumba kuyambira Lachiwiri, mukweranso Loweruka sitima ikamalowera kumpoto, ndipo Lamulungu muli pa msewu wobwerera kwanu. Kuntchito mwajomba movomerezeka masiku asanu okha.

Komatu Ilala ndi nkhalamba. Nthawi zina imachotsedwa pa madzi kuti ikakonzedwe, ndipo ngakhale ikuyenda, ola lolembedwa pa pepala ndi ola lomwe imafikira pa doko sizionana kawirikawiri. Kutatsala sabata, imbirani eni malo omwe mukagone. Iwowo amadziwa ngati sitima yadutsa sabata imeneyo, komanso masiku amene maboti ena akuchoka pa Nkhata Bay. Maboti a matabwa onyamula katundu aliponso ndipo ndi otsika mtengo, koma ine sindikwera, makamaka likadzaza mpaka madzi kufika pafupi ndi milomo yake. Mtunda wa pa Nkhata Bay ndi Likoma ndi pafupifupi makilomita 70 a nyanja yeniyeni. Pamenepo si populumutsira ndalama.

Za nyengo, pewani miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mphepo imeneyi imachokera kummwera, imautsa mafunde, ndipo mkazi kapena mwamuna wosazolowera nyanja amafika ku chilumba atasanza mpaka ndulu, chikondi chonse chitathawa. Seputembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala madzi amakhala ofunda, kumwamba kuli mbee. Ingodumphani sabata ya pa 15 Okutobala, pomwe dziko lonse limathamangira kunyanja pa tsiku la anakubala, komanso Khirisimasi, Pasaka ndi masiku otsegulira sukulu pamene sitima imadzaza ana a sukulu ndi masutikesi awo.

Ndalama: maenvulopu, osati chikwama chimodzi

Sindilemba mitengo pano chifukwa chichokereni kutsika kwa kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa lero sufika mwezi wamawa. Chimene sichisintha ndi kagawidwe. Ife timasunga kudzera mu chipereganyu cha kuntchito kwanga, ndipo mwezi wanga wolandira timauika pafupi ndi ulendo. Ndalamayo ikabwera timakhala pansi awiri, ana atagona, n'kuigawa m'maenvulopu: ya mayendedwe kupita ndi kubwerera, ya pogona, ya chakudya, ya zosangalatsa. Ya mayendedwe obwerera timaimata ndi selotepi ndipo sitiikhudza ngakhale zitavuta bwanji.

Pali maenvulopu ena awiri amene mabanja ambiri amaiwala. Yoyamba ndi ya kunyumba. Ngati ana mukuwasiya ndi agogo awo kapena azakhali, simungawasiye chimanjamanja; ufa, ndiwo, mayunitsi a magetsi ndi thiransipoti ya kusukulu zonsezo ndi mbali ya mtengo wa ulendo. Yachiwiri ndi ya masiku awiri apadera ogona ndi kudya. Sitima ikapanda kubwera Loweruka, pa chilumba palibe minibasi yoti muthamangire. Mukhala basi, ndipo kukhala kumeneko kumakoma ngati m'thumba muli kanthu. Ikabwera pa nthawi yake, envulopu imeneyo imabwerera nanu kukathandiza pa lendi.

Gwirizananinso za amene agwire chikwama. Kwathu ndimagwira ndine, poti bambo akaona anyamata a pagombe akuwanyamulira kathumba kamodzi, dzanja limapita m'thumba lisanafunse mutu. Koma ndimawapatsa yawo ya m'thumba tsiku lililonse, yomwe sindifunsa kuti yapita kuti. Mwamuna wopempha ndalama ya botolo limodzi pamaso pa anthu amakwiya mwakachetechete, ndipo mkwiyo wotere umawononga tsiku lonse.

Tengani ndalama m'manja zokwanira, zambiri zikhale zing'onozing'ono. Ma ajenti a Airtel Money ndi Mpamba aliko pa Mbamba, likulu la chilumbachi, koma netiweki ikhoza kugwa kapena ajenti kutha ndalama tsiku lomwe mukuifuna.

Pa sitima

Kuchokera ku Lilongwe mutha kudzera msewu wa kunyanja wa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, kapena kukwera basi ya ku Mzuzu n'kutsetsereka makilomita pafupifupi 50 kukafika pa Nkhata Bay. Ife timakonda ya Mzuzu chifukwa timagulirako zinthu pa msika: mpunga wa kilombero, anyezi, tomato wosapsa kwenikweni, mafuta ophikira, shuga, masamba a tiyi, mtedza. Pafupifupi chilichonse cha m'golosale pa Likoma chimabwera pa sitima, ndiye mtengo wake umakhala utakwera kale.

Tikiti ili m'magulu. Pansi penipeni ndi potchipa, koma mumakhala pakati pa matumba a chimanga, malata, nkhuku, madengu a usipa ndi anthu ogona paliponse pomwe phazi lingaponde. Zipinda zogona ndi zodula. Pakati pa ziwirizi pali denga la pamwamba, la fesitikilasi yopanda chipinda, ndipo apa ndi pamene ndimati banja lisaumire. Mumayala chitenje kapena kubwereka matiresi, mphepo ikukupitani, nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa madzi usiku ngati tauni yoyandama. Tchuthi chanu chimayambira pamenepo, osati pofika. Tengani juzi ndi bulangete lopepuka, chifukwa m'bandakucha pamazizira ngakhale mu Okutobala. Amene amachita chizungulire amwe mapiritsi oletsa kusanza sitima isananyamuke, asadikire kuti m'mimba muyambe kutembenuka.

M'malo ambiri omwe Ilala imaima, siifika kumtunda. Anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, ndipo pamakhala kukankhana koopsa. Musalimbirane boti loyamba. Dikirani, sitima siichoka msanga poti imatsitsa katundu kwa maola. Foni, ziphaso ndi maenvulopu aja zikhale m'jumbo yomanga bwino mkati mwa chikwama chimene chili pachifuwa. Valani masilipasi ndi zovala zoti zikanyowa mpaka m'chiuno musadandaule. Chikwama cha kumsana chimodzi aliyense chakwana. Sutikesi ya matayala pa mchenga ndi chilango.

Pogona ndi pakudya

Pa Mbamba, pomwe pali msika ndi maofesi a boma, pali maresiti hausi otsika mtengo. Ubwino wake chakudya chili pafupi, kuipa kwake gombe la pamenepo ndi la ntchito: maboti, maukonde, anthu ochapa. Amene mukufuna kudzuka n'kuponda mchenga woyera, yang'anani malo a alendo a zikwama za kumsana monga Mango Drift, omwe ali ndi zipinda za mitengo yosiyanasiyana komanso malo okhomapo tenti. Kubwereka tenti kwa mnzanu musananyamuke kumadula ndalama ya pogona kwambiri. Poimba foni funsani mosachita manyazi ngati ali ndi mtengo wa Amalawi, chifukwa malo ambiri a kunyanja amakhala nawo koma sautchula mpaka utafunsa. Funsaninso ngati amalola kudziphikira, ngati bedi lili ndi neti, komanso ngati amakatenga alendo pa doko.

Njira yomwe imatikomera ife ndi kusakaniza: masiku oyamba pa resiti hausi, tikuyenda ndi kuona malo, masiku omaliza pa gombe labwino, tikungogona ndi kusambira. Ukamaliza ndi pabwino umaiwala kuti unayamba ndi bafa la ndowa.

Chakudya chodula pa chilumba ndi cha m'malo ogona alendo. Chotchipa chili pagombe m'mawa, asodzi akamakocheza. Pitani nonse cha m'ma sikisi, mupereke moni kaye, muone zomwe zagwidwa: utaka, usipa wauwisi, nthawi zina kampango kapena ncheni. Nenererani mwaulemu, osati ngati muli pa msika wa Tsoka. Ngati pomwe mukugona palibe mbaula, kambiranani ndi mayi wa kanyumba kodyera kuti akuphikireni nsomba yanuyo n'kukupatsani nsima ndi masamba pa mtengo womvana. Nkhuni ndi makala n'zodula kumeneko popeza zambiri zimaoloka kuchokera ku Mozambique, ndiye musadabwe akawerengera moto. Nsima ya kumeneko kawirikawiri ndi kondowole. Bambo a kunyumba, omwe anakulira ku Dedza pa ufa woyera, tsiku loyamba amalimbana nayo ikukana kuduka m'manja, koma ndi kampango wa msuzi amamaliza mbale. Timasiya tsiku limodzi lokha loti tikadye pa malo apamwamba dzuwa likulowa, titavala bwino. Limenelo lili mu envulopu ya zosangalatsa, ndipo sitilidumpha.

Zochita zosafuna ndalama

Likoma ndi kachilumba ka makilomita pafupifupi 8 m'litali, choncho miyendo imakwanira. Njinga zamoto za kabaza ziliko, koma zisungireni tsiku la katundu. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwiye, madzi m'botolo, mudutse pakati pa milambe ikuluikulu yomwe yadzaza chilumba chonse, mutsikire pa gombe lililonse lomwe lakusangalatsani. Anthu ake amalankhula Chinyanja cha kwawoko, chomvekera mosiyana pang'ono ndi chathu cha ku Lilongwe, ena Chitonga, koma mumvana bwinobwino.

Tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela musachiphonye, ngakhale mutakhala a mpingo wina. Amishoni a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa (UMCA), omwe anakhazikika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1880, anayamba kuchimanga mu 1903, pa malo pomwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukachiona kukula kwake, ndi magalasi a mitundu m'mawindo, n'kukumbukira kuti chili pa kachilumba ka pakati pa nyanja, mutu umaima. Amene amakuonetsani mkati mupatseni kangachepe, ndipo m'bokosi la chopereka muponyemo kanthu. Poti ndondomeko ya sitima ija simakupezetsani Lamulungu, funsani ngati kwaya ikuphunzira nyimbo madzulo ena. Kumva mawu akugunda m'makoma amenewo n'kwaulere. Mukamva ng'oma kumudzi, funsani ngati kuli malipenga kapena chioda, mupite mukaonere.

Kusambira ndiye ntchito yaikulu. Pa miyala pamakhala mbuna, tinsomba ta mitundu yowala, ndipo galasi losambirira lobwereka pa malo ogona limakwana awiri mosinthana. Funsani eni dera malo abwino osambira, chifukwa ng'ona zimaoneka apo ndi apo, ndipo musalowe m'madzi usiku kapena pa bango. M'midzi muli madoko osambira amayi paokha ndi abambo paokha, mukawafika, lambalalani. Zovala zosambira zithere pagombe la alendo. Polowa m'mudzi, mayi mangani chitenje, bambo valani malaya.

Mapiri omwe mumawaona kum'mawa ndi a Mozambique, ndipo tauni ya Cobué ili pafupi kwambiri. Maboti amaoloka, koma ndi dziko lina: muyenera kukhala ndi chiphaso ndi kudzera ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka. Pa masiku ochepa chonchi ife timangowayang'ana mapiriwo tili pa mchenga.

Za thanzi n'zachidule. Gonani mu neti, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu madzulo, imwani madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Nyanja yathu ili ndi likodzo m'malo ena, choncho pakatha milungu 6 mpaka 8 mutabwerako, pitani kuchipatala nonse awiri mukafotokoze kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi.

Pobwerera

Lachisanu madzulo lipiranitu ngongole zonse za pogona, mulongedze, mufunse kuti sitima yamveka ili pati. Loweruka khalani pafupi ndi doko ndi chakudya cha pa ulendo, chifukwa kudikira kungatenge tsiku lonse. Pa Nkhata Bay mumafika usiku, ndiye konzeranitu pogona pa Nkhata Bay pomwepo m'malo mokwera galimoto iliyonse yomwe mwaipeza mu mdima.

Ndipo pali nkhani ya usipa. Abale ndi anzanu a kuntchito akangomva kuti muli ku Likoma, mauthenga amayamba kugwa: mutigulireko kandowa, tidzakubwezerani. Ambiri sabweza. Ife timanena poyera tisananyamuke kuti wofuna usipa atumiziretu ndalama yake, kuphatikizapo ya katundu pa sitima ndi pa basi. Wathu timagula ndowa imodzi ya wouma bwino, kuukulunga m'thumba la saka ndi pepala la pulasitiki kunja kuti zovala zisanunkhe, n'kugawa patatu: wa agogo amene anasunga ana, wa apongozi, ndi wa pakhomo.