Kalumikizidwe ka mapaipi a vakyumu ndi otayira petulo pa njinga yamoto yakale

Anthu ambiri amene amasula makabyuleta a njinga yamoto yakale amasokonezeka pa nthawi yobwezeretsa, pamene mapaipi a labala anayi kapena asanu akulendewera pakati pa injini ndi bokosi la mpweya, limene amakaniko amalitchula kuti airbox, ndipo sakukumbukanso kuti iliyonse inachoka pati. Zikatere, munthu amangolowetsa paipi pa kamlomo kalikonse kamene yakwanapo. Ndikulangizani kuti musatero, chifukwa paipi imadziwika ndi ntchito yake osati kukula kwake, ndipo pa njinga zambiri za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, paipi yochokera ku injini imene imalowa m'bokosilo ndi imodzi yokha.

Paipi imeneyo ndi yopumira injini. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, utsi wina umadutsa m'mbali mwa maringi n'kulowa kumene kumakhala oyilo, ndipo ukasowa potulukira umakankha oyiloyo mpaka ayambe kuchucha pa magasiketi. Paipi yopumirayi imakhala yaikulu kuposa zinzake ndipo imatenga utsiwo kupita nawo m'bokosi kuti ukapsenso m'silinda. Pansi pa mabokosi ambiri palinso kapaipi kokhala ndi chotsekera kumapeto, kamene kamasunga madzi ndi oyilo wodontha. Muzikatsegula nthawi ndi nthawi, kenako n'kubwezerapo chotsekeracho, chifukwa kakakhala kotsegula fumbi limalowa popanda kudutsa pa sefa.

Paipi ya vakyumu ndiyo imasocheretsa anthu kwambiri. Ntchito yake ndi kutsegula kampopi ka petulo ka pansi pa thanki, kamene kali ndi kachikopa kopyapyala ka labala mkati mwake. Injini ikalira, mphamvu yokoka mpweya, imene ndiyo vakyumu, imakoka kachikopako ndipo petulo amatsika. Injini ikazima, sipuling'i imakabweza ndipo petulo amaima. Mphamvu imeneyi imapezeka pakati pa chotsekera mpweya cha m'kabyuleta ndi mavavu a injini, choncho kamlomo kake kamakhala mbali ya injini, pa kabyuleta penipeni kapena pa labala wolumikiza kabyuleta ku mutu wa injini. M'bokosi la mpweya mulibe kukoka kokwanira kutsegula kampopiko. Mukalumikiza paipiyi kumeneko, njinga idzalira kwa kanthawi ndi petulo wotsalira m'makapu a makabyuleta, kenako idzazima, ndipo mwini wake amayamba kukayikira mapulagi ndi koyilo pamene vuto lili pa paipi imodzi. Njinga za Suzuki GS, mwachitsanzo, zili ndi kampopi kotere, kolembedwa ON (poyendera masiku onse), RES (petulo wosungira wa pansi pa thanki) ndi PRI. Pa PRI petulo amatsika popanda vakyumu, ndipo cholinga chake ndi kudzaza makapu akauma, osati kuyenderapo masiku onse. Honda CB750 imene inatuluka mu 1969 inali ndi kampopi kotsegula ndi dzanja, kotero musavutike kufunafuna paipi ya vakyumu pa njinga imene inapangidwa yopanda paipiyo.

Paipi ya vakyumu ikhale yolimba kuti isaphwatalale ikamakokedwa, ndipo igwire kamlomo mothina. Ikang'ambika, injini imalandira mpweya wochuluka kuposa petulo, imatentha, ndipo imachedwa kutsika mukachepetsa moto. Mukapeza petulo mkati mwa paipiyi, dziwani kuti kachikopa kabooka ndipo silinda imodzi ikumwa petulo mwachindunji. Timilomo tina tofanana ndi ka vakyumu timene tili pa makabyuleta enawo ndi toyezera powachuna kuti azikoka mpweya mofanana, ndipo tiyenera kukhala totseka.

Tsopano mapaipi otayira petulo, amene ine ndimawaona kuti ndi nkhani ya chitetezo cha moyo. M'kapu ya kabyuleta muli choyandama chimene chimakankha kasingano kotseka petulo akafika pa mlingo wake. Kachitsotso kakakakamira pa kasinganoko petulo amapitirira kukwera, ndipo pa makabyuleta ambiri a Keihin ndi Mikuni muli kachubu koimirira m'kapumo kamene kamamutulutsa kudzera pa kamlomo ka pansi. Mapaipi a pa timilomo timeneti asalowe m'bokosi la mpweya ngakhale pang'ono. Petulo akasonkhana m'menemo amanyowetsa sefa, ndipo injini ikangobweza moto kudzera m'kabyuleta, njinga ikhoza kuyaka pansi pa mpando wa woyendetsa. Komanso petulo wosowa kopita amatsikira m'silinda, n'kusungunula oyilo, ndipo akadzaza silinda akhoza kupinda ndodo ya pisitoni pamene mukuliza injini. Mapaipiwa atsike molunjika kumbuyo kwa injini, adutse m'kachitsulo kowagwira ngati kalipo, ndipo athere m'munsi mwa fulemu, kutali ndi ekizosi, tcheni ndi tayala lakumbuyo. Asapindike, ndiponso asakwere m'mwamba pena paliponse. Ubwino wina wa kalumikizidwe kotere ndi wakuti dontho la petulo pansi limakuchenjezani msanga kuti kasingano kakufunika kutsuka.

Musasokoneze mapaipi amenewa ndi opumira makapu, amene amachokera cham'mwamba mwa makabyuleta. Petulo amakwera m'majeti, timabowo ting'onoting'ono todutsitsa petulo m'kabyuleta, chifukwa mpweya wa m'kapu umamukankha kupita kumene injini ikukoka, choncho mapaipi opumira ayenera kukhala otsegula ndi kuthera pa malo opanda mphepo yamphamvu. Pa njinga zambiri amangodutsa pamwamba kapena pambali pa bokosi osalowamo, ndipo apa buku la kampani la mtundu ndi chaka cha njinga yanu ndilo liyenera kukutsogolerani. Kapaipi ka batire nako katsike pansi pakokha, poti asidi amadya tcheni ndi fulemu.

Musanamasule chilichonse, jambulani zithunzi ndipo mumange chizindikiro pa paipi iliyonse. Labala wouma kapena wosweka musinthe ndi wopirira petulo. Mukamaliza kulumikiza, ikani kampopi pa PRI kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, muyang'ane pansi ngati pakudontha, kenako mubwezere pa ON ndi kuisiya injini ilire kwa mphindi zisanu. Ikapitiriza kulira osazima, paipi ya vakyumu ili pamalo pake.